Njinga Yosatsikika

Chaka chomwe fodya anatikomerako mtima, ine ndinali ndidakali pachikamwini ku Chulu, kwawo kwa akazi anga. Kwathu ndi ku Wimbe. Ndinali nditatopa nako kukhala pamudzi pa eni, pomwe ngakhale tambala wako akalira m'mawa umayamba wadzifunsa ngati sanadzutse apongozi. Ndinkafuna kutenga akazi anga ndi ana kupita nawo kwathu, chitengwa, koma zimenezo sizichitika mwinimbumba asanavomere. Mwinimbumbayo anali atsibweni a akazi anga, mlongo wawo wa apongozi anga aakazi.

Atsibweniwo sanali aukali. Akanakhala aukali bwenzi zili bwino, chifukwa munthu waukali umadziwa pomugwira. Iwo anali aafupi, osekaseka, akulu ampingo a mawondo otupa. Ankhoswe anga akapita kukafunsa za chitengwacho ankawalandira ndi manja awiri, kuwaphera nkhuku, kuwaperekeza mpaka kumsewu, kenako n'kunena kuti, "Tamva, tikuganiza." Nkhuku zinkatha m'khola koma kuganizako sikunkatha.

Pamudzipo ine ndinkadziwika ndi chinthu chimodzi chokha. Kulima ndimalima ngati wina aliyense, kuimba kutchalitchi anandipempha kuti ndizingoyendetsa milomo, koma kunenerera mtengo pamsika ndiye munda wanga. Amayi a m'mudzimo akafuna ndowa, mpoto kapena chitenje cha ukwati ankadikira tsiku lomwe ndikupita kuboma. Ineyo ndinkadzimva. Ndinkakhulupirira kuti wogulitsa aliyense ndi wakuba amene sanapeze mpata, ndipo ntchito yanga inali yoti mpatawo asaupezere pa ine.

Ndalama za fodya zitalowa, atsibweni anandiitanitsa. Ndinawapeza pakhonde akusisita bondo ndi mafuta onunkha bulugama. Ndinakhala pansi chapatali, monga achitira mkamwini.

"Akamwini, akuti inu pamsika simuberedwa."

"Anthu amangonena, atsibweni."

"Ayi, akuti wogulitsa akakuonani mukubwera amayamba kulongedza katundu."

Ndinaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene akufuna kuti apitirize.

"Ndikufuna njinga," anatero. "Yakale ija yatha ngati mwini wake. Koma ndikufuna yopepuka. Mabelo a fodya ndinasiya kunyamula, alipo achinyamata. Ine maulendo anga ndi a kutchalitchi ndi kukaona odwala basi." Anatulutsa ndalama zokulunga m'pepala la shuga n'kuziika pamphasa. Nditazitola anawonjezera, maso ali pabondo, "Njingayo ikabwera tidzakhale pansi, tikambe nkhani yanu ija."

Ndinamva bwino lomwe. Sanali kundituma njinga yokha. Anali kundiika pasikelo.

Akazi anga nditawauza anangoti, "Mukagule ya anthu. Yakuda ija, ya kaliyala ndi belu. Musakachite zanzeru."

"Nzeruzo ndi zomwe andionera."

"N'zomwe ndikuopazo."

Kuboma ndinayamba ndi masitolo. Zakuda zija zinalipo, zitandandalikidwa pakhonde, zolemera ngati ngolo, ndipo mtengo wake ukanameza pepala lonse la shuga lija. Ine ndinkafuna kubwerera ndi zinthu ziwiri, njinga ndi chenji. Munthu amene akukuyesa umamupatsa zomwe wapempha, kenako n'kumuikira kena pamwamba kuti asowe chonena. Choncho ndinalowera kuseri kwa msika, kwa bambo wina wonenepa wogulitsa njinga za kaunjika, zija zobwera kuchokera kunja zitakwerapo kale anthu ena.

Inali itakolekedwa payokha pamsomali, ngati mwendo wa mbuzi pabutchala. Yobiriwira ngati fodya wa panazale, yoonda, matayala ake opyapyala ngati chala changa. Inalibe kaliyala, inalibe madigadi, belu ayi, sitandi ayi. Buleki inali imodzi, ya kutsogolo. Nditaikhudza ndi dzanja limodzi inanyamuka ngati dengu lopanda kanthu. Mtima unati yopepuka ija ndi imeneyi. Nkhope ndinaiuza kuti isamve zomwe mtima wanena.

Ine sindiyamba ndi chinthu chomwe ndikufuna. Ndinafunsa mtengo wa ina yabuluu, ndinaseka. Ndinafunsa wa ina ya magiya ambirimbiri, ndinagwira kumutu. Kenako, ngati munthu amene akutsanzika, ndinaloza ndi chibwano.

"Nanga chiwala ichi?"

Anatchula mtengo. Unali pansi pa njinga zonse pamalopo. Ndinaiyang'ananso. Utoto wosakalika, tcheni chowala, matayala akadali ndi timinga tawo ta kufakitale, mtengo n'kukhala wotsika choncho? Chilipo.

Ndinayamba kuifufuza. Ndinanunkhiza fulemu kuti ndimve ngati utoto uli wauwisi. Ndinaitembenuza chagada kuona ngati pansi panawotcheredwa kapena nambala inapalidwa, poti njinga yobedwa imayamba kudziwikira pamenepo. Masipoko ndinawaliza limodzilimodzi ngati zingwe za banjo. Limu la tayala ndinalizunguza nditatsinzina diso limodzi, lowongoka. Sindinapeze kanthu, ndipo zimenezo zinandinyansa kwambiri.

Kenako ndinabweza pedulo kumbuyo, monga achitira aliyense, kuti ndimve fuliwilo ikulira. Fuliwilo ndi kachitsulo ka mano kaja ka patayala la kumbuyo, kamene kamalola miyendo kupuma njinga ikuyendabe. Sinalire. M'malo mwake tayala lonse linazungulira chobwerera. Nditalizunguza kupita kutsogolo, mapedulo nawo anayamba kuzungulira okha ngati pakwera munthu wosaoneka.

Mtima unakhala pansi. Ndachipeza.

"Achimwene, fuliwilo yafa iyi. Yagwirana ndi dzimbiri."

"Sinafe, bwana. Ilibe fuliwilo. Anaipanga choncho."

"Anaipanga yakufa?"

"Kunjako anyamata am'tauni amazikonda zotere. Tayala likamayenda, miyendo nayo iziyenda. Palibe zongokhala."

"Ndiye munthu amapuma liti?"

"Akafika."

Anatulutsa foni n'kundionetsa kanema wa anyamata a makabudula othina akuzungulira pamsewu wosalala ngati mbale. Ndinamuuza kuti pafoni ndinaonapo mbuzi ikuyankhula. Iye sanakwiye. Anangofunsa kuti ndikugulira ndani, ndipo ine, mwina chifukwa cha dzuwa, ndinanena zoona.

"Akuluakulu ena akwathu."

"Ndiye isiyeni, bwana. Iyi si ya munthu wamkulu. Tengani yabuluuyo, ndikuchotserani."

Apa nzeru zanga zinadzuka zonse. Chiyambire kugula zinthu ndinali ndisanaonepo wogulitsa akukaniza katundu wake. Ndinaona njira ziwiri. Mwina akufuna kundikankhira ku yabuluu yodulayo. Mwina alipo wina amene wamulonjeza kale chiwalachi, wina wodziwa kuti fuliwilo ndi kanthu kotchipa, kongomasula n'kuikapo kena. Njira yachitatu, yoti munthuyo akungonena zoona, sindinaione. Kumeneko sindinkayang'anako.

Ndinanenerera. Chilichonse chomwe njingayo inalibe ndinachitchula ndi dzina, chilichonse n'kudula nacho mtengo: kaliyala, belu, madigadi, buleki inayo, fuliwilo yakufayo. Ndinati atsibweni akaiona adzafunsa kuti njinga yeniyeniyo yatsala kuti. Ndinachoka mpaka pa mayi wina wogulitsa chinangwa pafupi pomwepo, ndikuyenda mwapang'onopang'ono kuti mawu andipeze. Anandipeza. Koma bamboyo anavomera msanga kwambiri moti ndinamva kuwawa. Wogulitsa akavomera osadandaula za lendi ndi fizi ya ana, umadziwa kuti ukanatha kutsikabe.

Pondipatsa anati, "Koma musakabwere nayo. Ndakuuzani pali anthu." Mayi wa chinangwa uja anagwedeza mutu ngati mboni ya kukhoti.

Ndinaikankha mpaka pansi pa mtengo wina pafupi ndi depoti, pomwe mkulu wina amakonza njinga za akabaza. Anabweza pedulo kamodzi n'kunena zomwe ndinkafuna kumva.

"Yagwira dzimbiri. Palafini basi."

Anathira palafini, tinadikira. Anagogoda ndi hamala, tinadikira. Anathira oyilo wakuda, anagogodanso. Akabaza omwe analibe makasitomala anatizungulira, aliyense ndi mankhwala ake. Wina anati tiiwotche pang'ono ndi moto. Wina anati yake inachitapo choncho nthawi ya mvula, anaiviika usiku wonse, inadzuka ikulira bwinobwino. Palibe ngakhale mmodzi amene anaganiza kuti munthu wa mutu wabwino angapange dala njinga yosalola miyendo kupuma.

Pomaliza mkuluyo anati timasule tione. Kamphete kotsekera kankamasukira mbali yolakwika, moti anatsala pang'ono kukathyola akutukwana amene anakapanga. Kachitsulo ka mano kaja katatuluka, anakakweza m'mwamba n'kusuzumira pabowo. Munalibe kalikonse. Chitsulo chimodzi, mano kunja, bowo pakati.

"Akuberani zam'kati," anatero.

"Zimachotsedwa kudoko zimenezo," anatero kabaza wina. Enawo anavomereza.

Ndinasangalala kumva kuti kuba kulipo ndithu, ngakhale wobedwayo ndinali ine.

Mkuluyo anati fuliwilo atha kuikapo. Koma akaika fuliwilo pafunika buleki ya kumbuyo, ndipo mabuleki athu a ndodo aja sangalowe pafulemu yotere. Kaliyala alibe pomangira. Matayala awa akaphulika ndiziitanitsa ku Lilongwe. Ankati akatchula chinthu chimodzi, chenji ya m'thumba mwanga inkachita ngati yafupika. Ndinakumbuka kuti kunyumba ndili ndi fuliwilo yakale ya njinga ina yomwe inafa kalekale. Ndinati abwezeretse momwe zinalili. Ndikafika mwakachetechete, ndikaikonza ndekha kuseri kwa nyumba, atsibweni adzaiona ili kale munthu.

Kuno njinga timakwera motere: phazi lamanzere papedulo, lamanja likukankha pansi, kudumpha kangapo, njinga ikagwira liwiro n'kuponya mwendo pamwamba. Ndi momwe tinaphunzirira tonse. Chiwala chinakana. Nditangoponda, pedulo inakwera nane m'mwamba, inatsika nane, inakweranso. Akabaza aja anaombera m'manja. Ndinaikankhira pachulu china chaching'ono n'kukwera ngati mwana, kuyamba ndakhala pachishalo kenako n'kunyamuka.

Koma itanyamuka, ndisaname, sindinakwerepo chinthu chotere. Pamene msewu unali wouma inkapita ngati ikudziwa kwawo. Ndinadutsa akabaza, ndinadutsa ngolo, ndinadutsa matenanti a paesiteti ina atasenza mitengo ya zigafa zoumitsira fodya, onse akutembenuka. Pachitunda, pomwe njinga yakuda umaimirira n'kumaitukwana, iyi inkangokwera. Ndinayamba kuikonda, ndipo kuikondako ndinakukayikira, poti chinthu chikayamba kukusangalatsa usanafike nacho kunyumba ndiye kuti chikukonzekera.

Chinayambira pamtsetse wolowera kudambo. Miyendo inachita zomwe yakhala ikuchita moyo wanga wonse, inaima kuti ipume. Pedulo inandimenya kuchokera pansi ngati bulu, thako linachoka pachishalo, ndinaona msewu ukubwera kumaso. Ndinapulumuka sindikudziwa bwanji. Patsogolo pake panali mchenga, ndipo matayala opyapyala aja analowamo ngati mpeni m'papaya. Ndinagwa bwinobwino, mosapweteka, pamaso pa ng'ombe.

Kuyambira pamenepo ndinkapalasa ndikukangana ndekha, wogula ndi wogulitsa m'mutu umodzi. Wogulitsa ankati taonani kupepuka, taonani liwiro, palibe waya woduka, palibe giya yovuta, chitsulo chake n'chabwino, mtengo wake mwauona nokha. Wogula ankangoyankha mawu amodzi: mawondo a atsibweni. Ndinkawaona m'maganizo akutsetsereka kupita kutchalitchi, jekete ikuuluka, miyendo yotupa ija ikuzungulira mosafuna ngati chigayo. Wogulitsa ankati fuliwilo yakale ija ikonza zonse. Wogula ankati nanga buleki, nanga mchenga, nanga minga.

Dzuwa litapendeka ndinasiya msewu waukulu n'kulowa njira yodutsa m'mudzi woyandikana ndi wathu, kuti anthu a kwathu asandione. Njirayo imatsetsereka pang'ono polowa m'mudzimo. Nditakhota pa nsungwi ndinaona masamba ataikidwa modutsa njira.

Masamba pamsewu ndi maliro. Wagalimoto amachepetsa liwiro, wachipewa amavula, wanjinga amatsika n'kuikankha mpaka atadutsa masamba a mbali inayo. Palibe amene amakuuza. Thupi limachita lokha, mutu usanaganize. Umasiya kupalasa, umaimirira papedulo yamanzere, mwendo wamanja n'kuuponya kumbuyo, njinga ikuyenda yokha pang'onopang'ono, kenako n'kutera pansi mwaulemu.

Thupi langa linachita lokha. Ndinaimirira papedulo yamanzere, mwendo wamanja uli kale m'malere. Pedulo inanditsitsa, inandikweza, inanditsitsanso. Ndinagwira buleki, tayala la kumbuyo linanyamuka, ndinaisiya. Masamba aja ndinawadutsa ndili pamwendo umodzi, ndikukwera ndi kutsika ngati munthu wovina, mwendo winawo utaloza komwe ndachokera. Ndinadutsa pakati pa amuna atakhala pansi pa mtengo wa mango, ndinamva wina akukoka mapazi, n'kukathera pamulu wa nkhuni za pamaliro.

Nyimbo ya amayi m'nyumba ya siwa inaduka. Patapita kanthawi inayambiranso, koma yopanda mphamvu, ngati oimbawo akusuzumira pazenera.

Anali atamwalira gogo wina wa m'mudzimo, m'mawa womwewo ine nditanyamuka kale. Ndipo pampando wa kutsogolo, pomwe amakhala akulu ampingo, panali atsibweni, buku la nyimbo lili pabondo.

Oyamba kundifikira anali adzukulu, anthu okumba manda aja, amene pamaliro amaloledwa kunena chilichonse kwa aliyense. Mkulu wawo anali wamtali, dothi lofiira mpaka m'mawondo. Anandiyang'ana ndili chigonere pankhuni.

"Akamwini a eni, mwabwera pa ndege?"

"Pepani, akuluakulu. Njinga yakana kuima."

"Mwamva, anthuni? Iwo masamba anawaona. Njinga ndi imene sinawaone. Ndiye mlandu ndi wa njinga. Gwirani njingayo."

Anaigwira. Wina anainyamula ndi zala ziwiri n'kufunsa ngati ndaigula yonse kapena ndalipira theka. Wina anafunsa kuti mayi a kunyumba azikhala pati, pahandulo kapena pamutu panga. Kenako mmodzi wa iwo, wodzitama kuti anakhalapo kabaza, anati vuto si njinga koma wokwera. Anaikankha mwaulemu mpaka kunja kwa masamba, anaponda pedulo monga timachitira, ndipo chiwala chinamuchita zomwe chinandichita ine kudepoti, n'kumuwonjezera kumugwetsera m'mizere ya mbatata. Amuna a pansi pa mango anaphimba nkhope ndi zipewa. Mapewa ankagwedezeka. Wobwera kumene akanati gogoyo ankakondedwa kwambiri.

Mkulu wa adzukulu anakweza dzanja.

"Mbuzi ikalowa m'munda timapita kwa mwini wake. Njinga iyi yadumpha maliro. Mwini wake ndani?"

Midzi yonse iwiri inkadziwa chomwe ndinapitira kuboma. Ndinayang'ana atsibweni. Iwo ankayang'ana m'buku la nyimbo ngati muli nyimbo yatsopano.

Ndikanati ndi yawo, ndiye kuti akulu ampingo ndi eni njinga yodumpha maliro, yogulidwa ndi ndalama zawo, wogula wake mkamwini uja amati saberedwa. Nkhaniyo ikanakambidwa pa maliro aliwonse mpaka iwo eni atalowa m'manda, ndipo ya chitengwa ikanafera pankhuni pomwepo. Ndikanati ndi yanga, ndiye kuti ndiyenera kuwapezera ina ndi ndalama zanga za fodya, zomwe ndinasungira malata a nyumba ya ku Wimbe. Sindinanenererepo mwachangu chotero, ndipo wonenerera naye ndinali ndekha.

"Ndi yanga," ndinatero.

"Yanu? Nanga ya akulu ampingo munapitira ija?"

"Ikubwera. Akuimanga kaliyala."

Atsibweni anatembenuza tsamba.

Chindapusa anati nkhuku. Pakamwa panga, posadziwa kuti tili pati, panafunsa kuti kamsoti sikangakwane.

"Taonani," anatero mkulu wa adzukulu, "akunenerera pamaliro. Tambala, akamwini. Wamkulu uja amatisokosa tikamadutsa kwanu."

Njinga ndinabwerera nayo kunyumba chokankha. Akazi anga anali atamva kale, poti nkhani yotere siyenda pansi. Anaizungulira kamodzi manja ali kumbuyo.

"Yanzeru ija ndi imeneyi?"

"Ndi yopepuka."

"Ndamva kuti imauluka." Anakhudza pomwe pakanakhala kaliyala. "Malata apita, eti?"

"Apita."

"Bwerani ndikuchotseni zitsotso m'tsitsi."

Maliro atatha ndinabwerera kuboma pa matola. Ndinalowa m'sitolo n'kuloza yakuda, ya kaliyala, belu, madigadi, sitandi ndi pampu yake. Ndinanenerera pang'ono chabe, mwamwambo, mtima mulibe. Pobwerera ndinazungulira njira ina kuti ndisadutse kuseri kwa msika, koma bambo wonenepa uja ndinakumana naye ndithu, akudya chimanga chowotcha pakona. Anayang'ana njinga yakudayo, anayang'ana chigongono changa chomanga nsanza.

"Bwana, chiwala chikuyenda?"

"Chikuyenda kwambiri."

"Ndinanena pali anthu."

"Munanena. Vuto lake munanena zoona. Mukanandinamiza ndikanadziwa chochita."

Kwa atsibweni ndinafika ndikuliza belu. Ndinaimika njinga pasitandi, ndinakhala pansi chapatali, n'kuika pamphasa chenji ija inatsala pogula chiwala. Inali yawo ndithu, komanso ndinkafuna kuti mbiri yanga itsale ndi mwendo umodzi woimirira. Anaitenga osaiyang'ana. Anaizungulira njingayo, anakanikiza chishalo, anayesa kuinyamula.

"Yolemera."

"Yopepuka sinapezeke, atsibweni."

"Sinapezeke? Ine ndinaona ina ikudutsa pamaso panga. Kaitengeni ndiione bwino, tsiku lija inali pachangu."

Ndinakaitenga. Anainyamula ndi dzanja limodzi, anaitsitsa, anainyamulanso. Analiza masipoko monga ndinachitira ine. Anabweza pedulo, tayala linabwerera, anapukusa mutu pang'onopang'ono. Anafunsa mtengo wake ndipo ndinawauza woona. Sanafunse kuti ndalama zake zinachokera m'pepala liti.

"Simunaberedwe," anatero. "Chitsulo ichi n'chabwino kuposa cha yakudayi. Kungoti kumene anaipangirako anthu satsikirana. Munthu akanyamuka wanyamuka, kaya akumana ndi apongozi, kaya ndi maliro. Kuno njinga timaigulira kutsika."

Ndinavomera ndi mutu. Ndinkadikira kuti chikwanje chigwe.

"Ndiye pamudzi pano pali ana, pali nkhuku, pali ife nkhalamba. Chinthu ichi chitipha. Akuti kwanu ku Wimbe njira n'zouma, mchenga ndi wochepa. Pitani nacho kumeneko." Anakhala pampando n'kuyamba kusisita bondo. "Mwana wathuyo apite nanu. Pafunika womanga mabala. Ankhoswe anu abwere tidzamalize mwamwambo."

Ndinathokoza ndikuomba m'manja, koma ndinakayikira. Chinthu chomwe ankhoswe anachiyendera mpaka nsapato kutha, chingoperekedwa chonchi, pamwamba pa nthabwala? Ndinadikira kuti atchule china, mbuzi kapena kulimanso chaka chimodzi. Sanatchule. Anangoliza belu la njinga yawo n'kumwetulira.

Anthu amandifunsabe ngati chiwalacho chinali choyenera mtengo wake, makamaka achinyamata akachiona, poti ndikadali nacho ndipo fuliwilo sindinaikepo. Ndimawauza kuti pa mtengo womwe ndinapereka kuseri kwa msika, palibe njinga yoposa imeneyo. Ukawonjezera tambala, malata, khungu la pachigongono ndi matayala oitanitsa kutali, ndi njinga yodula kuposa zonse zomwe ndinakwerapo. Thumba la feteleza sichinyamula, wodwala sichipita naye kuchipatala, mayi a kunyumba sanakwerepo. Chimanyamula munthu mmodzi wopanda katundu, amene waphunzira kuyang'ana patali kuti masamba asamudzidzimutse. Amene ali ndi njinga ina kale atha kugula. Amene akufuna njinga imodzi ya banja lonse agule yakuda.

Tsiku losamuka tinakweza katundu pangolo. Chiwala tinachimanga pamwamba pa mphasa, poti akazi anga anakana zoti nditsogole nacho. Atsibweni anatiperekeza pa njinga yawo yakuda, akutsetsereka pambali pa ngolo miyendo ili phee, kenako anabwerera. Podutsa kumunda ndinaona munthu ali pamwamba pa chigafa changa cha fodya, chomwe ndinamanga ndi mitengo yosankha ndekha, akukonza udzu ngati chake. Anali mnyamata amene anali atangofunsira mng'ono wawo wa akazi anga. Pansi pake panali makasu ake, atatsamira pomwe ndinkatsamiritsa anga.

"Uyu wayamba liti?" ndinafunsa.

"Anamulonjeza kale munda ndi chigafacho," anatero akazi anga, akukonza mpango wa mwana. "Malo a mkamwini wina ankafunika. Za ife atsibweni anavomera fodya asanapite n'kuokushoni komwe. Anawauza amayi, amayi anandiuza ine."

"Ndiye njinga ija?"

"Njinga ankaifuna basi. Mawondo."

Ngolo inagwedezeka pa muzu. Ndinagwira chiwala kuti chisagwe.

"Nanga bwanji simunandiuze, mayi?"

"Ndikanakuuzani kuti avomera popanda kulipira kanthu, inu mukanakhulupirira?"

Ndinaganiza mpaka tinawoloka dambo. Sindikanakhulupirira.